Mayi Gonapansi

Kwa zaka zambiri, mlendo aliyense akafika pageti pathu, ndisanamufunse n'komwe ngati akufuna nkhuni kapena machesi, ndinkayamba ndamuchenjeza kuti: "Mukaona mayi wachikulire ali chagada pansi pa mitengo, musathamange. Sanakomoke, sanaledzere. Ali pa ntchito, musawasokoneze." Ena ankaseka, ena ankandiyang'ana ngati mutu wanga sukugwira bwino. Mayi ameneyo ndi akulu anga, bere limodzi, ndipo kuno aliyense amawatchula kuti Mayi Gonapansi.

Malo athu ndi nkhalango ya mitengo ya paini imene imatsetserekera kunyanja yaing'ono ya madzi ozizira. Anthu amabwera ndi mabanja awo kudzamanga matenti n'kugona masiku angapo. Aphokoso sitiwalandira. Mwini malo, mayi wosalankhulalankhula, anakana kalekale zoti kuno kuzikhala mowa ndi zimasipika, ati akufuna malo oti khanda lizitha kugona masana. Ndiye amene amabwera ndi azibambo a mimba zawo atavala makabudula, azimayi otopa ongofuna kukhala pansi osaitanidwa, ana osawerengeka, ndi agogo amene amaoneka kuti anachita kuwakakamiza kukwera galimoto. Ine ndimagulitsa m'kagolosale ka pageti: buledi, mazira, makandulo, mafuta othamangitsa udzudzu, ndi zikhomo za tenti, chifukwa chiyambire sindinaonepo banja lofika ndi zikhomo zokwanira. Pali bambo wa nkhuni, amenenso amayang'anira mabwato. Pali mayi wa kumabafa. Ndiye pali akulu anga, amene ntchito yawo ndi kusonyeza banja lililonse poti limange tenti.

Mwina mukuganiza kuti imeneyo ndi ntchito ya chala, kungoloza kuti apo. Akulu anga saloza. Amalitenga banjalo n'kulowa nalo m'nkhalango, uku akuliwerenga ndi maso: bambo uyu ndi wamtali, mayi uyu ndi woyembekezera, kamwana aka kangoyamba kukwawa ndipo sikayenera kuyandikira madzi. Akafika pamalo pamene akupaganizira, amakokola masamba a paini ndi leki yawo, n'kuvula nsapato, n'kugona pansi. Amayamba chagada, kenako cham'mbali, n'kusunthira podzagona bambo, podzagona mayi, podzagona ana. Msana wawo umamva zimene maso saona: kamwala kobisala, muzu wodutsa pansi pa dothi, kupendekeka kwapang'ono kumene kumadzutsa munthu m'mawa mutu uli lemerere. Ali chigonere amayang'ananso m'mwamba ngati muli nthambi youma yoti mphepo ingaigwetse. Akakhutira amadzuka, n'kusasa ovolosi yawo yobiriwira imene inasuluka kumsana kokha.

"Mitu iloze uku, miyendo kunyanja," amatero. "Khomo liyang'ane kumitengo, mphepo ya m'mawa imachokera kumadzi."

Palibe anawaphunzitsa zimenezi. Anabwera kuno amuna awo, alamu anga, atamwalira, ali ndi mwana mmodzi wamng'ono, n'kulembedwa ntchito yokolopa m'mabafa. Tsiku lina m'mawa anapeza mayi wachitsikana akulira pampopi, khanda lili kumsana, mwamuna wake akuzula zikhomo kuti azipita. Anali atadikira chaka chonse kuti adzapume kuno, koma sanaone tulo, msana ukuchita ngati wathyoka, ndipo anali atayamba kale kulozana zala kuti anasankha malowo ndani. Akulu anga anasiya chikolopa n'kupita pamene panali tentiyo. Poyang'ana, panali posalala bwinobwino. Ndiye anangogona. Anapeza muzu wonga chigongono, wobisika pansi pa masamba. Anawasunthira chapafupi pomwepo, atayamba agonapo okha, ndipo banjalo linakhala mpaka tchuthi chinatha. Chaka chotsatira linabweranso, likufunsa pageti za mayi ogona pansi aja. Mwini malo atamva, anawalanda chikolopa n'kuwapatsa leki.

Kuyambira pamenepo ana obwera kuno amakula akuwadziwa. Alipo azibambo amene lero amabwera ndi ana awo, oti Mayi Gonapansi anawagonerapo pansi iwo akuyamwa. Mwini malo anagulapo kachipangizo ka madzi koyezera ngati pansi pali pofanana, koma alendo sanakakhulupirire. Ankafunabe kuona msana wa akulu anga utafika pa dothi.

Tsono musamve ngati ndikukamba za mngelo. Akulu anga ndi munthu wouma mutu kuposa aliyense amene ndinakumana naye, ndipo m'golosale ndakumana ndi ambiri. Amayi athu atamwalira ine ndili wamng'ono, anandilera ndi iwowa, ndipo ndikuthokoza, koma anandilera ngati mmene amachitira zonse: okha, mano ali gwa. Mawu akuti ndithandizeni mulibe m'kamwa mwawo. Alamu anga akudwala, ankawanyamula okha kupita nawo kubafa, ine nditaima pakhomo manja ali lende. Ukawalandira chidebe amakufunsa kuti wakutuma ndani. Kangapo konse ndinawauzapo kuti adzadziika okha m'manda n'kudzikwirira, ndipo anandiyankha kuti bola pamenepo adzakhala atagonapo kale n'kuona kuti palibe muzu.

Mwana wawo uja timamutchula kuti Makaniko, chifukwa ali mwana ankamasula chilichonse chokhala ndi sikulu, mpaka wailesi ya mwini malo. Dzinalo linamutsata, lero amakonzadi magalimoto mutauni. Ndi mwana wabwino, wofatsa, koma kuuma mutu anayamwira. Anamanga chipinda kuseri kwa nyumba yake, cha matailosi, bafa lake m'kati momwemo, bedi la matiresi okhuthala, n'kunena kuti n'cha amayi ake. Akulu anga anapitako kamodzi kukacheza. M'mawa mpongozi wawo anawapeza atagona pansi pambali pa bedilo, ati linapendekekera kuwindo.

Chaka chatha ndinayamba kuona zinthu. Munthu amene unakula naye sangakubisire kayendedwe. Ndinaona kuti akamasankhira alendo malo, ankakonda pafupi ndi mtengo kapena chitsa, poti podzuka agwirire. Ndinaona kuti leki sinalinso yongokokolera masamba, ankaitsamira ngati ndodo. Kugona ankagona bwinobwino ngati kale, koma kudzuka kunasanduka ntchito ina payokha: ankayamba atembenuka chafufumimba, n'kugwada, n'kupuma, uku akunamizira kuti akutola timiyala.

"Akulu, chiuno chimenecho mukapimitse," ndinawauza tsiku lina tikumwa tiyi kuseri kwa golosale.

"Chiuno cha ndani?"

"Changa sichitola timiyala posakhala timiyala."

"Iwe gulitsa mazira," anatero. Nkhani inathera pomwepo.

Ndiye linafika Loweruka lija. Tinkayembekezera mabanja ambiri, ndipo mwini malo anali atalambulitsa malo atsopano kumtunda, m'mbali mwa njira yopita kumabafa. Ndi pabwalo, popanda mtengo kapena chitsa pafupi. Akulu anga analawirira kuti akapamvetsere alendo asanafike. Foni anaisiya m'nyumba monga mwa masiku onse, ati imawabaya m'nthiti akamatembenuka. Anagona, anapamvetsera, anapeza kuti mpabwino. Pofuna kudzuka anatsamira leki, koma kunali kutagwa mvula chadzulo lake, lekiyo inaterereka n'kukagwera poti dzanja silifika. Iwo anagwera chiuno chodwalacho. Anayesa kutembenuka, mwendo unakana.

Zimene zinatsatira, kulikonse padziko sizikanachitika. Kwina kulikonse, munthu woyamba kuona mayi wachikulire ali pansi akanataya katundu wake n'kuthamanga. Koma kuno ndi kwa Mayi Gonapansi.

Woyamba kudutsa anali bambo wa nkhuni, akukankha wilibala.

"Pakoma pamenepo, Mayi?"

"Ndikadali kupamvetsera," anayankha akulu anga.

"Pitirizani," anatero, n'kumapita akuimba mluzu.

Anadutsa mayi wa kumabafa ndi zidebe zake, anapatsana moni, anakambirana pang'ono za mtengo wa sopo. Anadutsa alendo ambirimbiri, matawulo ali paphewa, miswachi ili m'kamwa. Bambo wina anagwira mwana wake amene ankafuna kuyandikira, n'kumunong'oneza kuti: "Usawasokoneze, ali pa ntchito." Mawu anga enieni, osachotsa osawonjezera. Ndipo inenso ndinadutsa. Nditaona kuti sakubwera kudzamwa tiyi, ndinawatengera kapu n'kukaiika m'mbali mwa njira.

"Lero mukufuna kumera mizu pamenepo?" ndinatero.

"Ika pomwepo, ndimwa."

Ndinabwerera kugolosale chifukwa kunali mzere wa anthu ofuna buledi. Magalimoto anayamba kulowa. Mabanja atsopano ankaima pageti kudikira wowasonyeza malo, ine n'kumawauza kuti apirire, mayiyo akubwera. M'mtima ndinkawalalatira kuti kuuma mutu kwafika pochedwetsa alendo.

Dzuwa litafika paliwombo ndinapita kukatenga kapu yanga nditakwiya. Ndinaipeza pamene ndinaisiya, yodzaza, masamba a paini akuyandama pamwamba. Akulu anga angathe kusiya chilichonse, koma tiyi sanayambe amusiyapo kuti azizire. Ndi pamene ndinaona lekiyo ili patali, ndi mizere imene zidendene zawo zinakanda m'dothi poyesa kudzikankha. Milomo yawo inali itauma, nyerere zikuyenda m'khosi. Ovolosi inali itanyowa, ndipo sanali mame.

"Ndikubwera," anatero asakundiyang'ana.

"Mukubwera kuti?"

Ndinatembenuka kuti ndiitane bambo wa nkhuni, koma anandigwira mwendo.

"Usaitane munthu."

Ine ndine wamng'ono thupi, koma tsiku limenelo ndinawadzutsa ndekha, sindikudziwa kuti mphamvu zinachokera kuti. Ndinawamangirira juzi yanga m'chiuno kuti anthu asaone, n'kuyenda nawo pang'onopang'ono kudzera kuseri. Titafika m'nyumba ndinalira, ndipo ndinalira ndi ukali.

"Anthu onse aja. Ine ndemwe ndinafika pomwepo. Bwanji osangonena?"

"Ndimati mwina pakapita kanthawi chimasuka."

"Chikanapanda kumasuka?"

Ankangochotsa nyerere m'tsitsi.

Madzulo omwewo ndinamuimbira Makaniko. Akulu anga atadziwa anasiya kundilankhula, moti ngakhale mchere ankaupempha kwa khoma. Kuchipatala anapita chifukwa mwini malo anawakweza m'galimoto osawafunsa. Adokotala anati palibe chathyoka, koma chiunocho chatha ndi ukalamba ndipo sichidzabwereranso mwakale. Mwini malo ananena mawu ake mwachidule. Anati sangathamangitse munthu amene anawamangira mbiri ya malowa, komanso sangalole kuti tsiku lina alendo adzadutse mtembo akuupatsa moni. "Mwana wawo ndiye anene," anatero. "Akati akhale, akhala. Akati apite, ine ndilibe mawu."

Akulu anga akudziwa bwino chimene chili kutauni: chipinda cha matailosi, windo loyang'ana mpanda wa njerwa, ndi tsiku lonse lopanda womugonera pansi. Kuno ndi kumene anakhala munthu wodziwika ndi dzina. Masiku amenewo ndinkawaona m'mawa ataima pakhomo akuyang'ana mitengo ngati akuiwerenga, ndipo ngakhale sankandilankhula, ndinkawamvera chisoni mpaka kulephera kudya.

Makaniko anafika Lachisanu lotsatira ndi mkazi wake ndi ana awo awiri. Anabwera ndi tenti yobwereka, ati adzukulu akhala akulirira kugona m'nkhalango, ndiye agona mpaka Lamulungu kenako anyamuke onse. Mawu akuti onse anawatchula akuyang'ana pansi. Atatsegula kumbuyo kwa galimoto kuti atulutse tentiyo, tonse tinaona makatoni opanda kanthu, opindidwa bwino, ndi chingwe chomangira. Akulu anga anawayang'ana makatoniwo nthawi yaitali.

Tinakhala pakhonde pa golosale. Ana anathamangira kumabwato.

"Amayi, mwagwira ntchito mokwanira," anayamba Makaniko. "Chipinda chija chikungokhala."

"Chibwereketse."

"Sindinamangire alendi."

"Ine sindinadwale. Ndinaterereka. Iwe sunayambe watererekapo?"

"Ndikaterereka ndimakuwa."

Mpongozi, mwana waulemu amene sakonda mikangano, anapisa m'chikwama n'kutulutsa wezulo ya chingwe chofiira.

"Amayi, ndimati mwina mutamavala iyi m'khosi. Chikachitika chinachake mungoimba."

"Ndasanduka refa ine?" anatero akulu anga.

Ine ndinaseka, koma Makaniko sanaseke.

"Wezulo siilira yokha," anauza mkazi wake. "Pakamwa anali napo. Anthu anadutsa m'mawa wonse, anti anawabweretsera tiyi mpaka pomwepo. Vuto si chiuno. Chiuno aliyense chimamuthera. Ine chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti amayi anga angafe pakati pa anthu, akuyankha moni."

Akulu anga anayang'ana manja awo. Kenako anatenga leki n'kuimirira.

"Mwabwera ndi tenti. Tiyeni ndikusonyezeni malo."

"Ingolozani, Amayi."

"Sindinayambe ndalozapo."

Ndinatseka golosale n'kuwatsatira. Anatitengera kumunsi, pamalo ena oyang'anana ndi madzi, pomwe njira yochokera kumatenti imadutsa popita kumpopi. Ndinaona msanga kuti panalibe mtengo wogwirira pafupi, ndipo ndinadziwa kuti iwonso aona. Anakokola masamba, anavula nsapato, anagona. Anachita zonse mwadongosolo lake, osafulumira: chagada, cham'mbali, pa bambo, pa mayi, pa ana. Anazula kamwala kamodzi n'kukaponya kutali. Anayang'ana nthambi.

"Mpabwino," anatero. "Mitu uku. Wamng'onoyo mumugoneke pakati, amagubuduka."

Kenako anayamba kudzuka. Anatembenuka, anatsamira chigongono, anakoka bondo. Chiuno chinakana. Anayesanso, thukuta likutuluka pamphumi, n'kubwerera pansi. Makaniko anadumpha kuti awagwire, koma ali pakati anaima. Ndinamuona akubweza manja ake n'kuwalowetsa m'matumba. Ine nditasuntha, ananditchinga.

"Anti, musawagwire."

"Wapenga iwe? Ndi mayi ako amenewa."

"Lolemba ine kuno kulibe, inunso mudzakhala muli m'golosale. Ndikufuna ndione zimene zidzachitike Lolemba."

Ndinafuna kumuwomba mbama mwana ameneyu, ndipo akanakhala wamsinkhu wofikirika ndikanamuwomba. Koma nditamuyang'ana kumaso ndinaona kuti nsagwada zake zikunjenjemera. Mpongozi anaphimba pakamwa ndi dzanja. Akulu anga anangogona chagada, akupuma mwamphamvu, maso ali kunthambi. Sanayang'ane mwana wawo, sanayang'ane ine. Kunyanja kunkamveka ana akukuwa m'madzi, ndi nkhafi ikugunda m'mbali mwa bwato. Ndinadziwa kuti munthu ameneyu angathe kugona pamenepo mpaka Lamulungu.

M'njira muja munatulukira bambo wina wonenepa, mlendo amene anafika dzulo lake. Anavala kabudula wamaluwa, m'manja atanyamula poto wakuda ndi siponji, akupita kukatsuka kumpopi. Atationa anachepetsa liwiro. Anagwedeza mutu mwaulemu, n'kuyamba kuyenda monyang'ama kuti asachite phokoso, monga ndinamulangizira ine pageti. Akulu anga anatembenuza mutu n'kuyang'ana mapazi akewo akudutsa. Anadutsa. Anayamba kutalikira.

"Bambo."

Mawuwo anatuluka aang'ono, moti ine ndemwe ndinakayika ngati ndamva. Bamboyo sanamve.

"Bambo inu a poto."

Anatembenuka, akudziloza pachifuwa.

Akulu anga anakweza dzanja.

"Tandigwirani dzanja. Pandekha sinditha kudzuka."

Bamboyo anaika poto pansi n'kubwera chothamanga, mimba ikugwedezeka. Anawagwira dzanja, lina anawachirikiza kumsana, n'kuwaimiritsa mosavuta ngati akudzutsa mwana wake.

"Pepanitu, Mayi. Pageti anatiuza kuti tisamakusokonezeni."

"Wapageti amalankhula zambiri," anatero akulu anga.

"Amayi anganso mawondo amawavuta chonchi," anatero bamboyo. Anawasasa masamba paphewa, anatola poto wake, n'kumapita kumpopi osacheukanso.

Akulu anga anaima akumuyang'ana mpaka anakhota. Nkhope yawo inali ya munthu wodabwa. Moyo wawo wonse ankaopa mawu amenewo ngati adzawavula pagulu, ndiye awa awanena, munthu wawadzutsa, ndipo wapita kukatsuka poto.

"Basi?" anatero chapansipansi.

"Basi," ndinayankha. Aka kanali koyamba kulankhulana sabata yonseyo.

Makaniko anali atatifulatira, akuyang'ana kunyanja ngati kuli china chachilendo. Anakhala choncho kanthawi, akupukuta kumaso ndi mkono wa malaya. Kenako anavula nsapato, n'kukagona chagada pamene panagona amayi ake, mwamuna wamkulu wa ndevu zake.

"Mpabwinodi," anatero mawu ali osasa.

"Ndinakuuza kale. Dzuka umange tenti, dzuwa likupita."

Za kusamuka Makaniko sanazitchulenso. Loweruka m'mawa anapita kwa mwini malo, anakambirana ataima pafupi ndi mabwato, ndipo ndinaona mwini malo akugwedeza mutu. Makatoni aja anawapeza ndi adzukulu. Kuseri kwa mabafa kuli chitunda chotsetsereka chodzaza masamba ouma a paini, oterera ngati sopo. Anawo anakhala pa makatoniwo n'kumatsetsereka mpaka kumunsi, ndipo pofika masana ana a msasa wonse anali pa mzere. Bambo wa poto uja anayesako naye, katoni inang'ambika pakati pa ulendo. Pofika Lamulungu panalibe katoni yoti n'kulongezamo ngakhale supuni.

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Chiunocho chikunka chiipiraipira, ndipo kukazizira akulu anga amayenda ngati akuponda minga. Tonse tikudziwa kuti chipinda cha matailosi chikudikira ndipo tsiku lake lidzafika. Makaniko amaimba foni pafupipafupi, amafunsa ine osati iwo, chifukwa akudziwa amene amanena zoona. Wezulo ija amavala, koma pansi pa ovolosi, ndipo ntchito imene ndinaionapo ikugwira ndi yothamangitsa ana pa mabwato.

Koma ntchito ikuyenda, ndipo yasintha pang'ono. Masiku ano akafika ndi banja pamalo, asanavule nsapato amayamba aliyang'ana n'kufunsa kuti: "Wamphamvu ndani pano? Kugona ndigona ndekha, koma kudzuka tidzukira limodzi." Azibambo amatukula zifuwa, azimayi amaseka n'kunena kuti wamphamvu ndi iwowo, ana amalimbirana chala chilichonse. Mabanja ena amawadzutsa onse pamodzi, mpaka agogo okakamizidwa aja amagwirako chigongono. Ndaona kuti anthu akawadzutsa choncho amamanga tenti akuseka, osakangana za zikhomo. Inenso pageti ndinasintha mawu. Ndimati: "Mukaona mayi wachikulire ali chagada pansi pa mitengo, ali pa ntchito. Koma imani, muwafunse ngati amaliza."

Chinthu chimodzi chokha chinkandidyabe m'mtima. Anapempha mlendo wa poto, amapempha mabanja osawadziwa tsiku ndi tsiku, bambo wa nkhuni naye anamupemphapo. Ine ayi. Ndikakhala pafupi ankadikira wina adutse, kapena ankakwawira kuchitsa. Ndinkadziwa chifukwa chake: munthu amene unamubereka kumsana, unamupukuta mamina, n'kovuta kumukwezera dzanja uli pansi. Ndinkadziwa, koma zinkandipwetekabe.

Sabata yatha, pakati pa sabata, kunalibe alendo. Kunagwa mtengo wina kumunsi ndipo akulu anga anapita kukamvetsera ngati mizu yake sinasokoneze malo oyandikana nawo. Ndinawatengera tiyi. Ndinawapeza ali chagada, manja ali pamimba, kuwala kwa dzuwa kukudutsa m'nthambi n'kumawagwera pa ovolosi. Bambo wa nkhuni anali chapafupi pomwepo akudula nthambi za mtengo wakugwawo, woti akanangomuitana. Ndinawerama kuti ndiike kapu m'mbali mwa njira n'kubwerera.

"Iwe," anatero. "Ika kapuyo, undipatse dzanja."

Ine wapageti, wolankhula zambiri, ndinangoika kapu pansi. Ndinawagwira. Dzanja lawo linali lokhakhala, lofunda, lomata utomoni wa paini, ndipo anatsamira pa ine ndi thupi lawo lonse, osasungako. Tinadzuka pang'onopang'ono. Ataima sanandisiye msanga.

Kenako anatola kapu, anamwako, n'kukwinya nkhope.

"Shuga watha m'golosale mwako?"